Galu wa a Laimoni

Makasu anali atalira kuyambira m'mawa pamalo pomwe panali nyumba ya Fackson, koma ankangofukula matope okhaokha. Phiri la kumtunda kwa Nsambe linagumuka mbandakucha, mvula itagwa masiku anayi osakata. Fackson anali atalawirira kudimba. Mkazi wake, Dorica, anatsala m'nyumba.

A Laimoni, mlenje wokalamba wa m'mudzimo, anafika ndi galu wawo wowonda nthiti, Mundideranji. Galuyo ananunkhiza uku ndi uku, n'kuyamba kukumba mwakachetechete patsinde pa mango. Anthu anathamangirako ndi makasu, koma chomwe anatulutsa ndi mbuzi yakufa.

"Galu wanjala uyu akusaka ndiwo," anatero Gerishon, mlamu wake wa Fackson. "Matipate afika ndi kwa agalu omwe, eti? Aliyense azitiuza pokumba."

Onse anabwerera pabwinja. Galu uja anatsetserekera kumunsi kufupi ndi mtsinje, pomwe panaunjikana nsungwi ndi udzu, nayamba kuuwa akubwerera m'mbuyo.

"Fackson mwanawe, tiye uko," anatero a Laimoni. "Chakufa amakumba ali chete kuti adye yekha. Akamauwa chonchi, ndiye kuti m'dzenjemo muli chopuma."

"Nyumba yanga inali pano, bambo. Ndinamanga ndekha. Mukufuna ndisiye mkazi wanga ndikakumbe mbewa?"

Kuuwako kunkamuboola m'mutu. Anatola mwala n'kugenda, galu nathawa mwendo uli m'mwamba. Sipanapite nthawi, anabwerera pomwe paja akutsimphina, n'kuyambiranso.

Dzuwa litapendeka, makasu anagunda dothi louma la pansi pa nyumba. Panalibe mphasa, panalibe chitseko, ngakhale mtondo womwe. Apo m'pamene Fackson anazindikira kuti matope sanakwirire nyumbayo pamalo pake, anaikokolera kumunsi. Anatchera khutu. Galu anali atasiya kuuwa.

Anathamangira kumtsinje akuterereka m'matope. Mundideranji anali pompaja, akukumba ali chete.

A Laimoni anamukoka galuyo pakhosi. Makasu sanalowe patali. Dorica anali pansi pa chitseko chomwe chinamusiyira kampata kopumira, zala zake zili matope okhaokha chifukwa chokanda. Fackson anagwada n'kumugwira patsaya.

"Akadali wofunda," anatero, akuyang'ana a Laimoni. "Bambo, akadali wofunda."

Gerishon anavula chipewa.