Emelia Akana Womuchongera

Emelia anabadwira m'komboni ya pafamu ya fodya kufupi ndi Chinhoyi, makolo ake anagona m'manda a pomwepo, koma kwa zaka zambiri chitupa chake chinkamutcha mlendo. Zisankho zinkangomudutsa ngati makombi a mumsewu wa Chirundu, iye ali m'shedi kusankha masamba a fodya. Malamulo atasintha anapirira mizere ya kutauni mpaka analembetsa kuvota. Apa n'kuti ali ndi zidzukulu kale.

Chisankho chitayandikira, mwini famu, yemwe anali mkulu m'chipani cholamula, anatuma kapitawo Bauleni kuti asonkhanitse antchito. Bauleni analankhula maso ali pansi. Anati aliyense akafika kovotera akanene kuti sadziwa kulemba kapena maso akumuvuta, ndipo iyeyo ndi anthu a chipani akamuchongera. Wokana achoke m'nyumba ya famu.

Emelia anabwerera kunyumba. Akachotsedwa akalowera kuti? Ku Malawi ankangokumva m'nyimbo za malemu mayi ake. Mnansi wake Amina, wogulitsa matemba, anamulangiza kuti angomvera, poti boma limeneli silinagonjepo ndipo m'nyumba mwake muli ana.

Tsikulo anaima pamzere kusukulu ya pulayimale. Kutsogolo kwake kunali a Jameson, amene amawerenga Baibulo kutchalitchi Lamulungu lililonse. Emelia anawamva ndi makutu ake akunena kuti sadziwa kulemba, chipewa atachifinya m'manja. Manyazi a mkuluyo anamupweteka kuposa mantha ake omwe.

Itafika nthawi yake, mayi woyendetsa chisankho amene anali patebulo anamufunsa m'Chishona ngati akufuna womuthandiza. Bauleni anali atayandikira kale.

"A Bauleni, khalani pomwepo," anatero Emelia. "Dzanjali lasankhira anthu fodya moyo wanga wonse. Lero lisankheko zanga."

Wapolisi wa pakhomo anayang'ana kudenga. Mayi uja anazengereza, kenako anamupatsa mapepala, ndipo Emelia analowa yekha kuseri kwa kabokosi kovotera, nachonga pomwe mtima wake unafuna.

Akutuluka anamva Amina akuuza mayi uja kuti naye maso ake ali bwinobwino. Kenako Filesi wa kushedi, kenako amuna a kumabani owotchera fodya, wina ndi mnzake, mpaka Bauleni anangokhala pabenchi manja ali lende. Panja amayi anayamba kuonetsana zala za inki n'kumaseka, ndipo wina analephera kudzigwira, anaimba nthungululu.

Wailesi inalengeza kuti chipani cholamula chapambananso, monga aliyense ankayembekezera. Koma zotsatira zomwe zinamatidwa pakhomo pa sukulu zinaonetsa kuti komboni sinavote monga inauzidwira. Mwini famu anabwera ndi galimoto yake, anakalipa, anatchula mayina. Anthu anangoima pamodzi. Fodya anali atapsa m'mabani, misika ya ku Harare inali kudikira, ndipo munthu sangathamangitse komboni yonse. Palibe anachotsedwa.

Ntchito itayambanso, Bauleni anaima pafupi ndi tebulo la Emelia ngati akuyendera masamba. Anafunsa chapansipansi ngati sanaope.

"Ndinaopa, achimwene."

Bauleni anayang'ana uku ndi uku. Anati nayenso, anthu onse atatha kuvota, analowa yekha kuseri kwa kabokosi kaja.