Nthambi Yokana Mankhwala

Zaka zisanu ndi zitatu ndinakhala ndikuthirira maluwa pa nazale ya apongozi anga aamuna, koma sizasi yawo ndinali ndisanaigwirepo. Imakhala m'thumba la ovolosi yawo, ndipo tsamba likangoti psuu pang'ono, basi lapita. Makasitomala anachita kuwapatsa dzina loti a Sizasi. Ine yanga inali keni yothiririra, ndipo kunena zoona zinkandiwawa.

M'mawa wina ndikuthirira chomera china choyanga cha masamba ngati mtima, ndinaona nthambi imodzi ili mawangamawanga, ngati wina waidontheza penti yoyera. Zomera zotere ndinkangoziona ku hotelo tikamakasiya maluwa. Mayi woyang'anira kumeneko anandiuzapo chiyambi chake. Akuti sizichokera ku njere ayi. Chomera chobiriwira bwinobwino chimangotulutsa nthambi imodzi yosokera, munthu wamaso n'kuidula, n'kuimeretsa mizu, ndiye zonse zamtunduwo zimakhala zidzukulu za nthambi imodziyo. Tsono lero munthu wamasoyo ndinali ine.

"Bambo, tabwerani mudzaone mwayi!" ndinafuula.

Anabwera, navala magalasi, n'kupukusa mutu. "Mwayi wake uti? Awa ndi matenda, mayi. Apatsira zinzake."

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, sizasi inali italira kale kawiri. Nthambi ija inagwa pansi zidutswa ziwiri. Iwo atatembenuka kuti alandire kasitomala, ndinatola chidutswa chimodzi n'kuchibisa mu keni. Chinacho ndinachisiya pomwepo kuti asandikayikire.

Kunyumba ndinachiika m'botolo la madzi pa zenera la kubafa. Patatha milungu itatu tinamizu tinayamba kutuluka, ndipo ndinachibzala m'chitini. Amuna anga ankangoseka. "Ine chikwatirane simunandiyang'anepo choncho m'mawa," ankatero akutsuka mkamwa.

Pamenepo ndi pomwe dyera linandilowa. Ndinaganiza kuti ngati kukongola kwake kuli pa kuyerako, masamba obiriwirawa akungotaya malo. Lililonse lotuluka lobiriwira kwambiri ndinkalibudula ndi zikhadabo, poti sizasi ndinalibe. Mapeto ake chinatulutsa masamba atatu oyera mbee ngati pepala, ine n'kumavina ndekha m'bafamo. Sabata yotsatira m'mphepete mwa masambawo munayamba kufiira. Ndinachisuntha, ndinachithirira, ndinachinyengerera, koma chinangolefuka mpaka kuuma.

Ndinalira, osati pang'ono. Amuna anga anayesa kunditonthoza, koma pakamwa pawo sipachedwa kuterereka. "Pepani amayi, koma safunsa anadya phula. Katswiri mumakhala naye tsiku lonse." Tsiku limenelo tiyi anadziphikira okha.

M'mawa mwake ndinafika ku nazale maso ali otupa. Apongozi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi koma sanafunse kanthu. Anangoti, "Mukatha uko mukathirireko ku chipatala. Bondo langa lero lakana."

Chipatala ndi kangodya kena kuseri kwa thanki ya madzi. Apongozi ali ndi khalidwe limodzi: amadula msanga, koma chimene adula sataya. Kanthambi kalikonse amakazika m'chitini n'kukaika kumeneko, amvekere odwala sathamangitsidwa. Amakathirirako okha, ndipo ine ndinali ndisanapondeko miyezi yambiri.

Nditakhota pa thankipo, keni inandipulumuka m'manja. Pakati pa zitini za dzimbiri panali chidutswa chija ndinachisiya pansi. Chinali chitakula mpaka kuyanga pa waya, masamba asanu ndi awiri, ena obiriwira, ena amawangamawanga, onse onenepa.

"Bambo! Ichi n'chiyani?"

Anabwera akutsimphina. "Aa, wodwala wanga wamakani uyo. Miyezi inayi ndakhala ndikumupopera mankhwala, mitundu itatu, koma wakana kuchira. Kufa safa, anzake sawapatsira. Ndayamba kuganiza kuti mwina anabadwa choncho."

"Nanga masamba obiriwirawa simunawachotse bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake anthu amadya. "Ndichotse amene akumudyetsa? Tsamba loyera ndi mlendo, mayi, limangodya osalima. Ndinkati obiriwirawo achuluke kuti achire."

Pamenepo ndinaulula zonse, za keni, za zenera la kubafa, za zikhadabo zanga. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anaseka mpaka kugwira thanki. "Ndiye inu munapha wanu pofuna kuti ayere, ine ndasunga wanga pofuna kuti asayere. Tonse mbuli!"

Kenako anawerama n'kuyang'anitsitsa nthambi ija. Kunsonga kwake masamba awiri omaliza anali obiriwira okhaokha. Ndinawauza zimene mayi wa ku hotelo ananena, kuti nsonga yotere ukaisiya imakula mwamphamvu n'kupondereza inzake, mawanga aja n'kutheratu. Anakanda chibwano.

"Maso angawa amangoona matenda," anatero. "Ine ndingadule polakwika."

Anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, natulutsa sizasi, n'kundipatsa chogwirira chili kwa ine. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndiponso yofunda.

"Dulani pamwamba pa mfundo yachitatuyo. Koma obiriwira ena musiyeko, wamva mwananga?"

Ndinadula pomwepo. Nditati ndiwabwezere, anali atatola kale keni yanga, akupita kukatunga madzi.