Magazini Otsekeredwa M'kabati

Uthenga unafika Loweruka m'mawa, wometa ali pakati pometa mutu wa munthu. Anabwera nawo ndi mkazi wake, akupuma wefuwefu, foni ili m'manja.

"Bambo a ana, kamagazini ka nthano ndi ndakatulo kaja akuti mwina sikatulukanso. A mkonzi alibe zolemba zokwanira. Akubwera masana ano kudzatiuza okha."

Wometa anazimitsa makina. Mtima unamupweteka kwambiri. Mkazi wakeyo ankachapa zovala kuchipatala, ndipo gawo loyamba la nthano yake linali litatuluka m'magaziniyo mwezi wathawo. Gawo lachiwiri linkadikira magazini yotsatira. Wometayo ndi amene ankadziwa mmene mayiyu anavutikira, kulembera pabondo nthawi yopuma, zala zitakwinyika ndi madzi a sopo.

"Zosatheka," anatero. "Magazini imene inatha tsiku limodzi pagolosale paja?"

Komatu mmene inathera, wometayo ankadziwa bwino. Tsiku limene inafika, atangoona dzina la mkazi wake litasindikizidwa, mutu unabalalika ndi chimwemwe. Anagula mtolo wonse, osasiya ndi imodzi yomwe. Kunyumba anawakulunga m'pulasitiki n'kuwatsekera m'kabati ya magalasi, limodzi ndi mbale zimene zimatuluka kukabwera alendo. Kiyi anamangirira kulamba. Mlamu wake atapempha kuti awerengeko, anamuuza kuti akasambe kaye m'manja, kenako anangomuonetsa chikuto chokha. Mumtima mwake ankadziona kuti wathandiza magaziniyo kuposa wina aliyense.

Masana a mkonzi anafikadi. Anali mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ankakonza magaziniyo patebulo la pabalaza pawo ndi anzawo ochepa.

"Chikundizunguza mutu ndi ichi," anatero atakhala pansi. "Kuno magazini inatha msanga kuposa kwina kulikonse. Ndinachita kuvina ndekha m'nyumba. Patsamba lomaliza tinapempha owerenga kuti atitumizire zolemba zawo, koma kuno kwangoti zii. Wosindikiza akufuna masamba mwezi uno usanathe, ine ndili ndi nthano ya mayiwa ndi kandakatulo kamodzi basi."

Ali mkati moyankhula, maso awo anagwera pakabati. Anavala magalasi, anayandikira, kenako anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Abale inu, owerenga anga onse ndi awa ali m'galasiwa?"

Wometa anasowa poyang'ana. "Ndimati asade, mayi. Manja a anthu a kuno inu simuwadziwa."

"Bambo, magazini yoyera chonchi ndi yakufa," anatero a mkonzi, akupukuta misozi ya kuseka. "Ife sitili ngati makampani akuluakulu a mabuku amene amalengeza pawailesi. Ife timayenda ndi manja a anthu. Wina akawerenga amati, 'Ngati mayi wochapa walemba chonchi, nanenso ndiyese.' Amene akuwerenga lero ndi amene atilembere mawa. Kodi si inu muli ndi benchi imene anthu amadikirirapo kumeta? Amawerenga chiyani pamenepo?"

"Kalendala ya chaka chatha," anayankha mkazi wake.

Lolemba m'mawa wometa anamasula kiyi kulamba. Magazini ena anayala pabenchi, ena anakasiya kusaluni ya pafupi, ena kulaibulale ya sukulu, ndipo ena mkazi wake anapita nawo kumene odwala amadikirira dokotala. Pakhomo la nyumba yometera anaika katoni yoponyamo zolemba.

Woyamba kutola magazini anali makaniko, manja ali bii ndi oyilo. Wometa anangoluma mano. Makanikoyo anawerenga tsamba limodzi la nthano ya mkazi wa wometa, lachiwiri, kenako anayamba kuwerenga mokweza. Nthawi yake yometa itakwana anakana kudzuka.

"Metani enawa, ine ndifuna ndimve ngati mtsikana wa m'nthanoyu abwerere kwawo."

Pofika masana m'nyumba yometera munali phokoso ngati pamsika. Ena ankati abwerera, ena ankati sangayerekeze. Kondakitala wina anafunsa kuti wolembayo ndi wa kuti.

"Ndi mkazi wanga ameneyo," anatero wometa, chifuwa chili patsogolo. Tsiku limenelo mawu amenewa anawanena mpaka kusasa mawu.

Ndiye katoni ija inayamba kulemera. Mlonda wa pasitolo anabweretsa ndakatulo zimene ankabisa pansi pa matiresi zaka zambiri. Namwino wina analemba nthano ya mapasa. Makaniko uja analemba za basi imene inkakana kulira pamaso pa mwini wake. Ngakhale mlamu anaponyamo yake, atafunsa kaye ngati asambe m'manja. Mwezi usanathe wometa anatseka shopu theka la tsiku, n'kukwera basi katoni ili pamiyendo, kukapereka yekha kwa a mkonzi.

Magazini yatsopano inatuluka yonenepa kuposa yoyamba, gawo lachiwiri la nthano ija lili pakati penipeni. Pagolosale panali mzere. Wometa anaimanso pamzerepo ngati wina aliyense, ndipo anagula imodzi yokha, ya pabenchi.

Madzulo ake anapeza mkazi wake akuika chinthu m'kabati. Inali magazini yakale ija, chikuto chitang'ambika, masamba atapindika, chala cha oyilo cha makaniko chitadinda pafupi ndi dzina lake.

"Mayi a ana, pa onse aja mwasankha yakudayi?"

"Iyi ndi imene yandipanga kukhala wolemba," anatero mayiyo. "Enawo anali mapepala chabe."

Magazini ang'onoang'ono ndi amene amapatsa olemba atsopano poyambira, ndipo amakhala moyo chifukwa cha ife owerenga. Mukagula, werengani, bwerekani mnzanu, ikani pamene anthu amadikirira. Ngati muli ndi nthano kapena ndakatulo, musaibise pansi pa matiresi, itumizeni.