Buku la a Ezra

Prisca atafika ku Chileka kuchokera ku Lirangwe kumene ankakhala, anapeza buku la bambo ake lili pakhonde, lopanda kanthu. Panali patangopita masiku anayi chiikireni maliro.

Malemu a Ezra ananyamula katundu pa bwalo la ndege zaka makumi atatu. Wapaulendo akawapatsa ndalama yapepala ya kwawo, sankaisintha. Ankaiika m'bukumo n'kulemba dzina la dziko pansi pake.

Amene anachotsa ndalamazo anali a Tobias, mng'ono wa malemu. Anapita nazo ku Blantyre kukasintha kuti agule simenti ya chiliza, koma osintha ndalama anakawabwezera. Tsopano anali pampando, akufotokozera azimayi a mvano kuti achimwene awo anapusitsidwa moyo wonse, ankasunga mapepala achinyengo.

Prisca sanapereke moni. Anafunsa kumene kunali ndalamazo, ndipo a Tobias anazitulutsa m'thumba la thalauza, zopindapinda, atazimanga ndi mphira. Mtima unamuwawa. Anasolola imodzi n'kuilozetsa kudzuwa kuti aliyense aone nkhope yobisika m'pepala ndi kaulusi konyezimira kodutsa pakati. Anaipendeketsa, nambala yobiriwira inasanduka yofiirira. Kenako anagwira chala cha mayi wina n'kuchiyendetsa pa timizere totukuka tothandiza osaona.

"Wachinyengo angapange izi? Akukanizani chifukwa zina zinasiya kugwira ntchito, zina kuno sasintha. Munapempha ndani musanatsegule bukuli?"

A Tobias anati mwana wamkazi sayankhula choncho kwa bambo ake aang'ono, ndiponso chiliza sichimangidwa ndi zithunzi.

"Simentiyo ndigula ine," anatero Prisca. "Koma munthu amene simunamuyendere n'komwe ali kuchipatala musamutche chitsiru pakhonde pake."

Azimayi a mvano anaweramitsa mitu. A Tobias anadzuka, anasiya ndalamazo pamkeka, anatenga njinga yawo n'kuchoka osatsanzika.

Prisca anagwada pamkeka, nayamba kuwongola ndalamazo ndi chikhatho, misozi ili m'maso. Mayi ake, a Nellie, anamugwira pamkono. Analowa m'nyumba, natuluka ndi beseni la madzi, sopo ndi kathawulo koyera.

"Bambo ako sankazigwira asanasambe m'manja," anatero.

Anasamba okha poyamba, napukuta chala chimodzichimodzi. Kenako anamukankhira beseni.