Alamu Akhala Adimini

Telala anayambitsa gulu la pa foni la anthu a mumsewu mwawo kuti azidziwitsana madzi akasiya kapena galimoto ya zinyalala ikachedwa. Basi, zokhazo. Koma pomatha miyezi itatu gululo linali litasanduka bwalo la milandu, ndipo iye monga adimini ankakhalira kufufuta mauthenga m'malo mosoka. Tsiku lina mpaka analumikiza mkono wa malaya chozondotsa, maso ali pa foni.

Gwero la phokoso lonse anali alamu ake, amuna a mkulu wake, makaniko wa pakamwa ngati chigayo. Wometa atalemba kuti mpopi wauma, iwo anafunsa kuti munthu wosakonda kusamba madzi akuwafuniranji.

"Achotseni ameneyu!" anthu analemba motsatizana.

Kunena n'kosavuta. Mkulu wake anali atamuuza kale mosapsatira mawu kuti, "Ukangowachotsa alamu ako, pakhomo panga usadzapondenso." Telala anada nkhawa kwambiri, chifukwa m'bale wake anali yekhayo.

Nzeru inamubwerera akupinda mpendero wa siketi. Analengeza lamulo latsopano: kufufuta kwatha, kuchotsa munthu kwatha. Amene anthu atatu amudandaula azikhala adimini sabata yathunthu, ndipo dandaulo lililonse aziliyankha yekha.

Alamu anakwanitsa atatuwo dzuwa lisanafike paliwombo.

"Mwachita bwino alamu, mwazindikira anthu oyenera mpando," anadzamuuza Telala pa shopu yake yosokera, akupukuta girisi m'manja.

Lolemba anadzitama. Lachiwiri amayi awiri anakangana za chingwe choyanikira zovala, aliyense akuwaimbira iwo ali chagada pansi pa galimoto. Lachitatu wometa, yemwe sanaiwale za kusamba zija, anatumiza madandaulo asanu ndi awiri, limodzi lokhudza tambala wa alamuwo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pofika Lachinayi alamu analemba okha kuti, "Abale, tiyeni tizilemekezana." Telala anaseka mpaka kudzibaya ndi singano.

Loweruka m'mawa mkulu wake anatulukira pakhomo la shopu, nkhope ili ndwii. Telala anaimitsa makina.

"Iwe, alamu ako wawachita chiyani? Dzulo ayenda wapansi mpaka kwa wometa kukapepesa."

"Pepani akulu, ndiwatsitse pa mpando lero lomwe?"

Mkuluyo anasuntha nsalu zomwe zinali pa benchi n'kukhala pansi. Anatola tepi yoyezera n'kuyamba kuiseweretsa.

"Zaka makumi awiri ndili nawo m'nyumba imodzi, mawu oti pepani sindinawamvepo. Wayamba kuwamva ndi wometa."

Kenako anapisa m'chikwama, natulutsa foni yake n'kumupatsira mng'ono wakeyo.

"Awonjezere sabata ina. Ndipo undilowetse nane m'gulumo."