Fungo la M'chipinda cha Pansi

Fungo linayamba bambo ake omubereka atangosamukira m'chipinda cha pansi pa nyumba, ndiye Make mapasa sanataye nthawi n'kufufuza. Munthu wokalamba, chipinda chonunkha, basi mlandu unathera pomwepo.

Chipindacho chinali chabwino ndithu, chotsikira masitepe, chokhala ndi chimbudzi chamadzi chakechake kuti mkuluyo asamavutike kukwera. Koma fungo lake, abale inu! Limakulonjera usanatsike n'komwe. Make mapasa anagula sopo wonunkhira, anachapa zofunda zonse, kenaka anayamba kulankhula mozungulira.

"Bambo, madzi otentha alipo."

"Ndasamba kale, mwanangu."

"Kusamba kawiri sikupha munthu."

Tsiku lina zitamukwana anangolasa. "Bambo, ngati zikumakupulumukani, nenani. Si zamanyazi." Mkuluyo anangozyolika. Kuyambira pamenepo anasiya kukwera kudzadya ndi anzawo patebulo, ndipo mapasa, omwe kale sankachoka pamiyendo ya agogo awo, anayamba kudutsa pamasitepe atatsina mphuno. Mayi awo ankawakalipira, koma kukalipira kwake kunali kwa pakamwa chabe.

Chinaulula nkhani ndi kapinga. Kuseri kwa nyumba anabiriwira malo amodzi okha, kwina konse kuli gwa, ndipo ukapondapo phazi limatitimira. Bambo a mapasa anaitana pulambala. Pulambalayo ndi anzake anakumba ngalande n'kupeza paipi yopita kuthanki ya zonyansa itaphwanyika, mizu ya mtengo italukana m'kati mwake ngati tsitsi m'chipeso. Anaizula yonse, n'kuyala yatsopano yapulasitiki pamchenga, akuyeza kuti itsetsereke bwino.

Atatha, pulambala anatsika kukayesa chimbudzi chija. Anagujumula. Chinalira kuti gudugudu, ndipo timadzi totsalira pansi tinatsika tokha mpaka kutheratu.

"Paipi yopumira ili kuti, mayi?"

"Yopumira?"

"Chimbudzi chimafuna paipi yokwera mpaka kupitirira denga. Ikasowa, madzi otsekereza fungowa amakokedwa, ndiye mpweya wonse wa kuthanki umatulukira muno. Fungo limeneli si la paipi yophwanyika ija ayi. Muno ngakhale mutagoneka mngelo anganunkhe."

Anatuluka n'kuyamba kupapasa khoma lakumaso. Sanachedwe kupeza chitsa cha paipi, chotsekedwa ndi simenti, chopakidwa penti bwinobwino.

Make mapasa anachizindikira chitsacho. Anadulitsa paipi imeneyo ndi iyeyo. Inali yotuwa, yokhota, yoipitsa khoma, ndipo pokonzekera kulandira bambo ake ankafuna nyumba iwale. Wopenta anafunsa ngati inali ya ntchito, iye n'kuyankha kuti ntchito yake n'kunyansitsa nyumba basi. Mwamuna wake zonsezi ankazikumbukira. Anangokanda m'mutu n'kufunsa pulambala ngati ingabwezeretsedwe tsiku lomwelo. Kusamudzudzula kwakeko kunamuwawa mayiyo kuposa kutukwanidwa.

Paipi inakwera, yoyera, yowongoka, ndi kachipewa kake pamwamba. Pulambala anagujumulanso, madzi n'kukhala phee pamalo pake. Anatsegula mawindo, nasonkhanitsa zida zake, napita.

Make mapasa anaima nthawi yaitali pamwamba pa masitepe. Kuuza munthu kuti akununkha sikunamuvute, koma kukavomera kulakwa kwake kunamulemera. Akanatha kungoti paipi yakonzedwa, nkhani n'kufera pomwepo. Ndani akanamufunsa? Manyazi anamugwira pozindikira kuti maganizo amenewo akumukomera.

Anatsika. Bambo ake anali atabwerera kuchokera kukhonde, komwe anakhala tsiku lonse kupatsa mpata antchito. Anakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamaondo. Apa m'pamene Make mapasa anawaona bwino manjawo: khungu lotuwa, long'aluka m'zala chifukwa chokhulidwa mosalekeza. Anagwada pansi.

"Bambo, fungo lija silinali lanu. Inali paipi. Ndinaidulitsa ndine musanabwere. Ndinakulakwirani kwambiri."

Mkuluyo anamuyang'ana ngati sanamve. Kenaka anakoka kolala ya malaya awo pang'onopang'ono n'kuinunkhiza.

"Si ine?"

"Si inu, Bambo. Sanali inu n'kale lomwe."

"Inetu ndinavomera," anatero motsitsa mawu. "Ndimati mwana wanga sangandinamizire. Madzi akumwa ndinachepetsa, kuopa kuti mwina zimachitika ndili mtulo."

Make mapasa anafuna kuti bambo ake amukalipire, amutukwane, ngakhale kumuthamangitsa m'chipindamo. Koma iwo anangokhala, akusisita maondo. Kumwamba kunamveka mapasa akubwera kuchokera kusukulu, zikwama kuti phi pansi, ndipo atafika pafupi ndi masitepe mapazi awo anafulumira monga mwa masiku onse.

Mkuluyo anatchera khutu mpaka mgugu unatha.

"Ukawauze ndiwe anawo," anatero. "Ine sangandikhulupirire."