Miluza Yofota ya Rattiya

Miyezi isanu ndi itatu Rattiya akukwatitsa mbewa zoyera m'labotale ya ku Chiang Mai, koma chimene ankafunacho osaoneka. Anali atazimitsa mwa mbewazo jini imodzi, kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo, kuti aone ntchito yake mwana akamaumbika m'mimba. Mbewa imatenga jiniyo kawiri, kwa bambo ndi kwa mayi, ndipo makolo onse amene ankawakwatitsawo anali nayo ina yabwino, ina yozima. Ndiye pa ana anayi alionse, mmodzi amayenera kutenga zozima zokhazokha. Miluza imene anapima inapitirira zana. Wotero ngakhale umodzi, ayi ndithu.

Zinamukwana. Komiti yoona za nyama zofufuzira inamulola mbewa zazikazi makumi awiri basi, ndipo ya m'mawa umenewo inali yomaliza. Pulofesa Anchalee, womuyang'anira pa maphunziro ake, anali atanena kale mosapsatira kuti Lachisanu likadutsa opanda chooneka, ntchitoyo itsekedwa, za digiri akayambirenso.

Anatsegula chiberekero cha mbewayo bere lili ndi masiku asanu ndi anayi. Mtsikanayu anali waukhondo mopitirira, wosafuna kanthu konyansa patebulo pake. Miluza isanu ndi iwiri yokongola anaiika m'timabotolo. Tina tiwiri tinali tofota, takuda, tosafika ndi kambewu ka mpunga komwe. Anatiponya m'kapu ya jiki monga ankachitira masiku onse.

Pofika masana makina anayankha: mwa isanu ndi iwiriyo munalibe wa jini zozima zokhazokha.

A Thawat, bambo amene anasamala mbewa za pamenepo zaka makumi awiri, analowa kudzatenga mtembo wa mbewayo. Anamupeza atagwira tsaya.

"Bwanji mwana wanga, wakwinya nkhope ngati wadya papaya la tsabola wambiri?"

"Ndisiyeni amalume. Mbewa zanuzi zandilodza."

Bamboyo anasuzumira chiberekero chija m'mbale, n'kuwerenga ndi chala. "Malo a miluza ndikuona asanu ndi anayi. Timabotolo bwanji tili tisanu ndi tiwiri?"

"Tinato tinali tofota. Pulofesa ndingakawaonetse zinyalala?"

"Umataya nthawi zonse?"

"Mbewa iliyonse imakhala nato, tiwiri kapena titatu."

A Thawat anavula magalasi n'kumuyang'ana. "Iwe, wazimitsa jini yoti mwana aumbike nayo. Ndiye umayembekeza kuti atuluka wonenepa ngati mwana wa mwini sitolo?"

Rattiya anayamba kuwerenga mumtima. Tiwiri pa miluza isanu ndi inayi lero. Titatu pa khumi ndi iwiri sabata yatha. Mmodzi pa anayi, miyezi yonseyi, ndipo ankatitaya yekha ndi dzanja lake.

Anakoka kapu ija mwaliwiro, naiunika pansi pa nyale, naitembenuza uku ndi uku. Jiki sasiya kanthu koti munthu n'kupima. Madzi anali mbee.

A Thawat anakulunga mbewa ija m'pepala, nachotsa pa khola lake kakhadi kolembedwa nambala 20.